Macheka, tupa, Dremel kapena milling machine: mutu wachitsulo wa kasitima muudule ndi chiyani?

Amene amasonkhanitsa ndi kuyendetsa tisitima ta magetsi pa tinjanji, tsiku limafika loti mutu wa sitima wogula m'bokosi suwakwaniranso. Wina akufuna chumuni chachifupi chifukwa sitima yeniyeni imene akutsanzira inali ndi chotero. Wina akufuna kufupikitsa bogi ya malasha. Ambiri masiku ano chawavuta ndi malo, akufuna kulowetsa decoder ya DCC, kachipangizo ka magetsi kolandira malamulo oyendetsera sitima kudzera m'njanji, ndi kasipika m'mutu umene anaupanga kalekale, nthawi imene opanga ankadzaza chitsulo paliponse pamene paoneka mpata. Ikadakhala pulasitiki bwenzi mpeni ndi guluu zitatha ntchito. Chitsulo chimafuna kuti musankhe chida, ndipo mukasankha molakwika, chimene chapita sichibwerera.

Maganizo anga ndiwanene poyamba kuti muziwerenga mukudziwa kumene ndapendekera. Dremel, kachida ka magetsi kozungulira ka m'manja kamene aliyense amathamangira, ndi chida cha m'kati mwa bodi, kumene diso silifika. Paliponse pamene padzaoneka sitima ikamayenda, macheka ndi tupa ndizo zimapambana.

Yambani mwadziwa chitsulo chimene mwagwira

Mitu yambiri yolemera imene anthu amangoti ndi yachitsulo ndi ya zamak, zinki wosakaniza ndi aluminiyamu pafupifupi 4 peresenti komanso magnesium ndi kopa pang'ono. Kampani ya New Jersey Zinc ndiyo inatulukira kasakanizidwe kameneka mu 1929, ndipo ku Britain amakatcha Mazak. Mabodi akale a makampani a Märklin, Hornby Dublo, Wrenn, Mantua, Varney ndi Bowser ndi a chitsulo chimenechi, chimodzimodzinso mafelemu a m'kati mwa mitu ya dizilo ya Athearn, Atlas ndi Kato ngakhale kunja kwake kuli pulasitiki. Zamak imasungunuka pa madigiri pafupifupi 385. Sipindika, imangothyoka. Imamata m'mano a tupa, ndipo solder wamba, chitsulo chofewa chimene amasungunula polumikiza zitsulo, sagwirapo.

Musanaiyambe, iyang'anitsitseni pa kuwala. Ngati pali timing'alu tambirimbiri, kapena felemu yatupa moti bodi yayamba kung'ambika, ndiye kuti yagwidwa ndi zinc pest, kuwola kwa m'kati kumene kumabwera ngati mtovu unalowa mu zinki pa nthawi yosungunula. Zimapezeka kwambiri pa mitu ya m'ma 1930 mpaka m'ma 1950, koma ina yaposachedwa nayonso inagwidwapo. Mankhwala ake palibe. Mutu wotere musautayire nthawi, ukuphwanyikirani m'vayisi.

Brass, mkuwa wosakaniza ndi zinki, ndi ina. Mitu ya brass, monga ija ankapanga ku Japan nkhondo yachiwiri itatha, kenako ku South Korea kuyambira m'ma 1970, ndi timapepala topyapyala ta chitsulo tolumikiza ndi solder. Brass imadulika bwino kwambiri, koma imatenga kutentha msanga n'kukupereka patali, moti mukamapala mbali ino, kapaipi kakhoza kugwa mbali inayo. Apanso ndidutsemo pang'ono: mutu wa kampani ya Tenshodo kapena ya Samhongsa umene uli bwinobwino m'bokosi lake, osonkhanitsa amaufuna mmene ulili. Mukaudula mwauchotsera mtengo. Ndi wanu, palibe angakuletseni, koma muziudula mukudziwa zimenezi.

Chachitatu ndi white metal ya m'makiti ambiri a ku Britain, yopangidwa ndi tini, antimony ndipo nthawi zambiri mtovu. Ndi yofewa moti mpeni umaisenda. Imeneyi chida cha magetsi chisayandikire n'komwe, chimangoipaka ngati phula m'malo moidula.

Kusiyanitsa n'kosavuta. Kandani ndi mpeni m'kati mwa bodi. Pakatuluka chikasu ndi brass. Mpeni ukalowa mosavuta n'kusenda kachidutswa konyezimira, ndi white metal. Pakakhala potuwa ndi polimba, mpeni n'kumangoterereka, ndi zamak. Maginito sagwira zitatu zonsezi, ndiye akagwira dziwani kuti pamenepo pali chitsulo chenicheni, mwina cholemetsa chimene anachimangirira m'kati.

Macheka a pamanja

Alipo a mitundu itatu, ndipo salowerana ntchito.

Razor saw, monga ya Zona kapena X-Acto, ili ndi msana wolimba ndi mano aang'ono kwambiri. Imadula mowongoka ndipo mpata umene imasiya ndi pafupifupi kota ya milimita. Mpata umenewu musaupeputse. Pa sikelo ya HO, imene ndi 1:87, milimita imodzi ikuimira mamilimita 87 pa sitima yeniyeni, ndipo pa N, imene ndi 1:160, ikuimira masentimita 16. Kadisiki ka Dremel kakadya milimita ndi theka pa bodi, mawindo a chipinda cha woyendetsa sakhalanso pamalo pake, ndipo wodziwa sitimayo aona msanga. Kuipa kwa razor saw n'kwakuti msana uja umailetsa kulowa mwakuya, komanso zamak imaibunthitsa msanga. Bodi yochindikala ikhoza kumaliza macheka amodzi. Ine ndimaona kuti palibe chodandaula pamenepo, macheka ndi osavuta kupeza kuposa bodi ina.

Hacksaw yaing'ono ya mano 32 pa inchi ndi ya mafelemu ndi zolemetsa, pamene mukuchotsa chidutswa chachikulu ndipo kukongola kwa pochekapo si nkhani.

Piercing saw, ija amagwiritsa ntchito osula ndolo ndi mphete, ndiyo imachita zimene macheka ena sangathe. Mpeni wake ndi wowonda ngati ulusi ndipo umakhota kulikonse. Mukafuna kutsegula windo latsopano kapena kuchotsa chitseko, mumaboola kabowo pakati, n'kulowetsamo mpeniwo, n'kuumanga, kenako n'kumacheka motsatira mzere. Mano ayang'ane kuchigwiriro, kuti azidula mukamakoka. Muukunge mpaka uzilira mukaukhudza ndi chala. Wa saizi 2/0 umakwanira ntchito zambiri, wa 4/0 ndi wa brass yopyapyala, ndipo lamulo lake n'lakuti mano osachepera atatu azikhudza chitsulo nthawi imodzi, apo ayi amakola n'kuthyoka. Kupaka phula la kandulo kumathandiza. Ngakhale mutasamala bwanji, timipeni timeneti timathyokabe, n'chifukwa chake amatigulitsa m'madazeni.

Macheka onsewa ali ndi ubwino umodzi waukulu: satenthetsa chitsulo, ndipo akayamba kuchoka pa mzere mumaona nthawi ikadalipo.

Tupa

Apa ndikhalitsapo chifukwa ntchito yooneka bwino imathera pano, kaya munayamba ndi chida chanji. Musadule pa mzere penipeni. Dulani kunja kwake, musiye theka la milimita, ndipo lotsalalo mulichotse ndi tupa.

Tiyerekeze kuti mukulumikiza zidutswa za mabodi awiri kuti mupange mutu wautali. Chidutswa chilichonse chidulidwe motalikirapo. Matani sandipepa pa galasi lophwatalala, gwirani chidutswacho chili chiimire, n'kumachikhula mozungulira, mukuchitembenuza pafupipafupi kuti dzanja lisalemere mbali imodzi. Pakapita kanthawi gunditsani ziwirizo n'kuyang'ana cha kunyali. Pamene kuwala kukudutsa, padakali ntchito. Pakani inki ya maka pa nkhope yodulidwayo, khulani kawiri katatu, ndipo pamene inki yachoka ndi pamene patukuka. Zimadya madzulo athunthu, koma mukamaliza mzere wolumikiza umabisika pansi pa penti osafuna kumatapo zambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi palibe njira yachidule.

Zamak ndi white metal zimatseka mano a tupa. Tizidutswa timene takakamira m'manomo ndi timene timakanda mizere yakuya pa bodi, pamene inu mukuti mukusalaza. Pakani choko pa tupa musanayambe, ndipo ikatsekeka muichotse ndi kachidutswa ka brass, mukukankha motsatira mano. Tupa za white metal zikhale zakezake, zakale zomwe. Brass imafuna tupa yakuthwa, yatsopano, chifukwa imene yadutsa kale pa chitsulo cholimba imangoterereka.

Titupa tating'ono ta ku Switzerland, monga ta Vallorbe, amatipatsa manambala kuyambira 00, tokhakhala, mpaka 6, tosalala kwambiri. Nambala 0 kapena 2 ndiyo yogwirira ntchito, 4 yomalizira. Ndi bwino kukhala ndi tupa imodzi yopanda mano mbali imodzi ya m'mphepete, kuti mukamapala pakona isadye khoma loyandikana nalo.

Ntchito imene imayesa munthu ndi kuchotsa mapaipi ndi zogwirira zimene anaumbira kumodzi ndi boiler, thanki yaitali yowiritsira madzi pa mutu wa nthunzi, kuti muikepo za waya zooneka ngati zenizeni. Boiler ndi yobulungira, tupa ndi yophwatalala, ndiye mukamapala malo amodzi mumasiya chigamba chophwatalala chimene penti imachionetsa poyera. Dzanja lizizungulira ndi boiler. Timitu ta marivet, timisomali tolumikizira zitsulo, tozungulira pamenepo muziphimba ndi tepi ya mapepala, magawo awiri. Tepi ikayamba kung'ambika ndiye chenjezo, imani muike ina. Chakumapeto siyani tupa, palani ndi msonga ya mpeni mopepuka, kenako sandipepa wa 400 ndi 600 wonyowa. Kuchita ntchito imeneyi ndi Dremel kuli ngati kumeta ndevu ndi chikwanje.

Dremel ndi zinzake

Albert Dremel anayambitsa kampani yake ku Racine, Wisconsin, mu 1932, ndipo dzina lake linasanduka la chida chilichonse chozungulira cha m'manja, ngakhale cha Proxxon kapena cha kampani ina. Zambiri zimathamanga pakati pa maulendo 5,000 ndi 35,000 pa mphindi. Liwiro limeneli ndilo ubwino wake, ndiponso ndilo vuto lake.

Chimene mwamangirira kutsogolo ndicho chimasiyanitsa zinthu. Kadisiki kodulira kopyapyala kamadula mosadya chitsulo chambiri, koma kakangopotoka pang'ono m'mpata kamaphulika, tizidutswa n'kuwulukira kumaso. Kolimbitsa ndi ulusi wa fibreglass sikaphulika wamba, koma n'kochindikala. Palinso china chimene anthu amachizindikira mochedwa: thupi la Dremel n'lonenepa kuposa kadisiki, ndiye mukafuna kudula pakati pa bodi yaitali, chidacho chimagunda bodi n'kupendeka, podulapo n'kukhala popendekeka. Chingwe chowonjezera chokhala ndi chigwiriro chowonda chimachepetsako vutoli.

Timiyala tonolera, tija ta pinki kapena tofiirira timene timabwera m'bokosi, anatipangira chitsulo cholimba. Pa zamak timadzaza msanga, timasiya kudula n'kuyamba kungokhula, ndipo kukhulako kumangobala kutentha. Chida choyenera ndi burr, kachitsulo kozungulira kosendera, ya carbide kapena ya chitsulo cholimba, ya mano otalikirana, pa liwiro lapakati. Imeneyi imasenda chitsulo bwinobwino. Kukumba m'kati mwa boiler kuti mulowe mota ina, kukulitsa njira ya mawaya, kupala denga la bogi ya malasha cham'kati, palibe chida china cha m'manja chimene chingaipose.

Ili ndi khalidwe limodzi loipa. Mukaiyendetsa kumbali imene mano akukokera, imakwera pamwamba n'kuthawa, ndipo pamene mukuti muigwire yalemba kale mzere pa bodi. Muziikankha molimbana ndi mmene ikuzungulira, bodi ili yomanga m'vayisi yokutira ndi matabwa kapena chikopa, manja onse awiri ali pa chida, zigongono zili patebulo. Palani masekondi ochepa, imani, khudzani. Chala chikakana kukhalapo, viikani m'madzi. Pa brass ikani kansalu konyowa pafupi ndi pamene mukupala kuti solder asasungunuke.

Magalasi oteteza maso si nkhani yokambirana. Burr imatulutsa tizitsulo tosongoka ngati singano timene timalowa m'zala n'kumapweteka masiku, ndipo m'diso ndi nkhani ya kuchipatala. Valaninso chophimba mphuno, makamaka ngati chitsulocho chili ndi mtovu, ndipo musambe m'manja mukamaliza.

Girayinda yaikulu ya pa tebulo, ija yonolera zida, isiyeni. Zinki, brass ndi aluminiyamu zimadzaza mwala wake, mwalawo umatentha ndipo ukhoza kusweka uli pa liwiro. Sander ya lamba kapena ya disiki ndi yabwinoko pochepetsa cholemetsa kapena kuwongola mapeto a felemu, bola kuviika m'madzi pafupipafupi.

Milling machine, ndi njira ya amene alibe

Pochotsa chitsulo pa felemu kuti decoder ndi sipika zikhale pamalo ophwatalala, palibe chofanana ndi milling machine yaing'ono, mashini osenda chitsulo molondola chitamangidwa patebulo lake, monga Proxxon MF 70 kapena ya Sherline. Mumadziwa kuti mwachotsa mamilimita awiri ndendende, makoma ali chilili, pansi pali see. Pa sikelo ya N, pamene felemu ndi zidutswa ziwiri zoyang'anizana ndipo chilichonse chimanyamula magetsi a njanji yake, kulondola kumeneku n'kofunika zedi. Koma mashiniwa amadula ndalama, amafuna kuphunzira, ndipo nthawi yambiri imathera pomanga felemu kuti isagwedere komanso isafinyike. Mukaimanga mwamphamvu pamalo opanda chochirikiza, zamak imang'aluka. Aang'onowa amafuna kudya pang'onopang'ono, gawo la milimita ulendo uliwonse. Ngati mitu yoti musinthe ndi iwiri kapena itatu yokha, kugula mashiniwa n'kuwononga. Ngati muli ndi shelefu yodzaza, ayamba kumveka.

Ena amayesa kumanga chodulira cha milling pa drill press n'kumakankha felemu cham'mbali. Musatero. Mashini obowolera anawapangira mphamvu yopita pansi, ndipo mukawakankha cham'mbali, chogwirira chake chikhoza kusololoka chikuzungulira.

Njira yabwino kwa amene alibe mashini ndi yoboola mabowo ondondozana. Jambulani mzere, boolani timabowo togundizana m'kati mwa mzerewo, lumikizani mabowowo ndi piercing saw, chidutswa chigwe, kenako salazani ndi tupa. Kuti mabowo akhale akuya mofanana, kulungani tepi pa chobowolera pamene mukufuna chilekezere. Zimachedwa, koma chitsulo sichitentha, ndipo zotsatira zake zimayandikira za mashini kuposa mmene Dremel ingachitire. Pa brass yopyapyala samalani, chobowolera chimakonda kukola chikamatulukira kuseri, ndiye ikani thabwa pansi ndipo musapanikize.

Chimene mumataya mukachotsa chitsulo

Opanga aja sankadzaza chitsulo mwaumbuli. Kulemera ndiko kumachititsa mawilo kugwira njanji ndi kutenga magetsi bwino. Mukachotsa kwambiri, mutu umene unkakoka mabogi ambiri uyamba kuterereka pokwera. Pa mutu wa nthunzi palinso nkhani ya pamene kulemera kwakhala: kuzikhala pamwamba pa mawilo okoka. Mukakumba kumbuyo kokha, mutu umaweramira kutsogolo, mawilo akumbuyo n'kupepuka. Ikani mutuwo pa pensulo yogoneka musanadule, lembani pamene ukukhazikika, ndipo mukamaliza muonenso.

Zina zimabwezeka. Zamak imalemera pafupifupi magalamu 6.6 pa cubic centimetre, mtovu 11.3, tungsten 19.3, ndiye kachidutswa kakang'ono ka tungsten kamalowa m'malo mwa zamak yambiri. Mtovu wa timibulu musaumate ndi guluu woyera wa matabwa. Pakapita zaka, mtovu ndi guluuyo zimadyana n'kutupa, mpaka kung'amba boiler. Gwiritsani epoxy, guluu wolimba uja wochita kusakaniza mitundu iwiri.

Ndiye musanagwire chida chilichonse, funsani ngati kudulako kukufunikadi. Pa mutu wa nthunzi, decoder ndi sipika nthawi zambiri zimakwana m'bogi ya malasha popanda kukhudza felemu. Tisipika tamakono tofanana ndi ta m'mafoni, ta mamilimita 11 ndi 15, timalowa m'malo amene kale sipika sikanalowamo.

Kuphwasula, kutsuka ndi kulumikiza

Kaya mwasankha chida chanji, mota, magiya, mawilo ndi timabodi ta magetsi zichoke kaye zonse. Kuphimba ndi tepi sikukwanira. Utuchi wa zamak ndi brass sukokedwa ndi maginito, n'zoona, koma umadutsitsa magetsi, ndipo kachidutswa kamodzi kokha kakagwera pa decoder kamaiwotcha. Ukalowa m'magiya umasakanikirana ndi girisi n'kuyamba kudya mano a pulasitiki. Mukamaliza tsukani felemu ndi sopo, madzi ofunda ndi mswachi wakale, n'kuiumitsa bwino. Pa felemu ya zidutswa ziwiri, yezani ndi mita yoyezera magetsi kuti mbali ziwirizo sizikukhudzana, komanso kuti mota sikukhudza felemu, musanalumikize decoder. M'mphepete monse mmene mudutse waya muzisalaza ndi tupa, chifukwa mphepete yakuthwa imasenda waya pang'onopang'ono sitima ikamayenda.

Kalumikizidwe nako kamatsatira chitsulo, ndipo ndi bwino kukaganizira musanadule. Zamak imafuna epoxy yolimba mochedwa, monga J-B Weld, pamalo okanda ndi otsuka mafuta. Epoxy yokha pa nkhope ziwiri zongogundana sikhalitsa, ndiye boolani mbali zonse muikemo timawaya ta brass, kapena matani kachigamba ka brass cham'kati. Pamene padzafunika kumasula, bawuti ndi yabwino: ya M2 imafuna bowo la mamilimita 1.6 musanadule mazinga, ndipo podula muzibwerera m'mbuyo pafupipafupi ndi kadontho ka mafuta, chifukwa tap, chida chodulira mazingacho, ikathyokera mu zamak kuichotsa n'kovuta kwambiri. Brass mumalumikiza ndi solder motsika: yambani ndi wa madigiri 188 pa zikuluzikulu, tizigawo tating'ono muike ndi wa 145 kuti zoyamba zija zisamasuke. White metal imafuna solder wa madigiri 70 ndi chowotcherera chochepetsa moto, ndipo poilumikiza ku brass, pakani kaye brass ndi wa 145.

Penti sigwira bwino pa zinki ndi brass zosapaka kanthu, choncho yambani ndi etch primer yopyapyala, penti yoyamba imene imagwira pa chitsulo. Primer yotuwa imaonetsanso timizere tonse ta tupa timene simunatione. Pamene taoneka, bwererani ndi sandipepa wa 600 wonyowa, pakaninso primer, n'kuyang'ana bodiyo nyali ikuwalira cham'mbali musanaike mtundu weniweni.